Kalumo ka Mlendo ndi Nyumba Yakuda

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu unabadwira kuchigwa, kumene dzuwa la chilimwe silichita nthabwala.

Anthu a m'mudzi wina kumeneko ankazira makoma ndi dothi lakuda losakaniza ndi makala opera. Ankati nyumba yakuda sioneka litsiro. Ya Dzinkambani ndiyo inali yakuda bii kuposa zonse, ndipo mwiniwakeyo ankayenda modzitukumula ngati anamanga boma.

Mkazi wake, Nasimango, atabereka mwana woyamba, analowa m'chikuta. Mwambo wake ndi wakuti mayi ndi khanda satuluka m'nyumba mpaka mchombo utagwa. Koma m'nyumbamo munali ngati mu uvuni. Khandalo linatuluka tizilonda thupi lonse, linasiya kuyamwa, ndipo ngakhale kulira kwake kunayamba kuchepa. Dzinkambani anagwidwa ndi mantha. Kutulutsa mwanayo kunali kuswa mwambo, koma kumusiya momwemo kunali kumutaya.

Kenako kunafika Nalikata, mkulu wake wa Nasimango, yemwe anakwatiwa kutali. Anabwera ndi kalumo kodzametera mwanayo potuluka m'chikuta. Atatsamira khoma, anachotsapo dzanja msanga.

"Alamu, khomali ndi limene likuphika mwana," anatero Nalikata.

"Khoma liphika bwanji munthu? Makolo athu ankazira chomwechi," anayankha Dzinkambani.

Nalikata sanakangane naye. Anatulutsa kalumo kaja, napala kachigawo ka khomalo, n'kupakapo dothi loyera losakaniza ndi phulusa. Dzuwa litafika paliwombo, anamuitana.

"Gwirani apa, mugwirenso apa."

Dzinkambani anagwira pakuda, ndipo panamuotcha. Poyera panali pongofunda.

"Chakuda chimamwa dzuwa, alamu. Choyera chimalibweza."

Zonyadira nyumba zinathera pomwepo. Dzinkambani anathamangira kudambo kukakumba dothi loyera, ndipo awiriwo anazira nyumba yonse, anthu akuwaseka. Masana otsatirawo m'nyumbamo munkapumika bwino. Khandalo linagwira bere, linayamwa mpaka kugona. Dzinkambani anavina pabwalo misozi ili m'masaya, ndipo oseka aja anayamba kufunsa njira ya kudambo.

Mchombo utagwa, mwanayo anamumeta ndi kalumo komweko, m'mudzi woyera mbee.

N'chifukwa chake timati, "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa." Vuto limene eni mudzi alizolowera mpaka osaliona, wobwera amaliona msanga. Mlendo akamalankhula, ana inu, muzimusiya amalize.