Madontho a m'buku la Mayi Nachisale

Kalekale, makompyuta asanayambe kulowa m'matumba mwa anthu, panali mphunzitsi wina dzina lake Mayi Nachisale. Ankaphunzitsa atsikana kulemba mapulogalamu a kompyuta pa sukulu ina yaluso. Akuluakulu a sukuluyo anali atawachenjeza kuti alendo othandiza akadzabwera n'kupeza atsikanawo akulephera, kalasiyo itsekedwa.

Mayiwo analemba maphunziro onse pamanja n'kukapereka kosindikiza mabuku. Wotayipa wa kumeneko anali munthu wosamala. Ataona mizere ikuthera ndi kadontho kokhala ndi mchira pansi, anaganiza kuti cholembera chinaterereka, ndipo anaika mpumiro wamba m'buku lonse. Koma kompyuta ilibe chisoni: kadontho kamodzi kakasintha, imakana zonse.

Mayi Nachisale sanaliwerengenso bukulo popeza zonse zinali m'mutu mwawo. Akalemba okha, pulogalamu inkayenda. Atsikana akakopera m'buku, inkakana. Nanga mwana woleredwa bwino angauze aphunzitsi kuti buku lawo likunama? Aliyense ankangoti mutu wake ndiwo wouma, ndipo mmodzimmodzi anayamba kutsalira kunyumba. Mayiwo chakudya chinasiya kulowa, alendo nawo akuyandikira.

Tsiku lina Ndaziona, mtsikana wosasunga mawu m'kamwa, anaimirira m'kalasi aphunzitsi aakulu ali pomwepo.

"Madamu, ife si mbuzi ayi. Buku lanuli ndi limene likudwala."

"Iwe, khala pansi!" anzake anamukoka diresi.

Mayi Nachisale anachita manyazi kwambiri, komabe analitsegula. Ndaziona atafunsidwa pomwe panalakwika, anangokanda m'mutu.

Apo Mwayiwawo, mtsikana wofatsa wokhala kumbuyo, anayandikira n'kugwada.

"Pepani Madamu, vuto ndi madonthowa. Onani apa, ndi apa."

"Unadziwa liti?"

"Kalekale ndithu. Zanga ndinkakonza. Ndinkaopa kukuchititsani manyazi."

"Ndiye ife tikulira iwe ukungotiyang'ana?" anatero Ndaziona. "Ulemu wakowo ukanatipha."

Komabe popanda diso la Mwayiwawo, akanafufuza mpaka alendo kuwapeza.

Panalinso Lonjezo, yemwe pa zamakompyuta anali wotsalira kuposa onse. Iyeyu anatenga cholembera chofiira ndi buku lomwe Mwayiwawo anakonza, nabwereka njinga ya achimwene ake. Anayenda khomo ndi khomo kwa onse amene anasiya, n'kumaika mchira pa kadontho kalikonse m'mabuku awo. Kwina makolo anamubweza ndi mawu akuti, "Mwana wathu zimenezo zinamukanika, musiyeni azigulitsa tomato." Iye ankangokhala pakhonde mpaka amulole. Madontho ena anawalumpha, poti sankamvetsa bwino zomwe ankakonza, ndipo Mwayiwawo anachita kubwerezamo. Koma mipando inadzadzanso.

Alendo anabwera. Atsikana anakhala pa makompyuta, Mayi Nachisale ataima kumbuyo kwawo. Mapulogalamu anayenda. Kalasi inapulumuka, ndipo alendowo anapereka malo amodzi okha oti mtsikana mmodzi akapitirize maphunziro ku koleji. Kusankha anasiyira Mayi Nachisale.

Ndaziona anati, "Ndikanapanda kuyankhula, bwenzi bukulo lili chitsekere."

Mwayiwawo anati, "Kukuwa kuti munthu akudwala si kupeza matenda."

Lonjezo anati, "Nanga alendo akanaonera ndani, mipando?"

Mayi Nachisale anasowa pogwira. Woyamba anawanyazitsa pagulu, koma ananena zoona. Wachiwiri anali ndi nzeru, koma anazikhalira anzake akuthawa. Wachitatu anabweza anthu, koma ku kolejiko mwina akavutika.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, malo ndi amodzi. Mukanakhala Mayi Nachisale, mukanatumiza ndani?