Mbaniro Yochokera M'kamwa mwa Mvuu

Nkhanu ndi Mvuu anayambana chaka china m'chilimwe, ndipo chimene anayambanira ndi mphika wa madzi owira. Mvuu ndiye anali mwini dziwe la Msambidzi, dziwe lokhalo limene silinkaphwa m'dera lonselo. Nkhanu ankakhala pansi pa mkuyu m'mphepete mwa dziwelo, ndipo ntchito yake inali yozula mano a nyama zinzake.

Koma abale inu, ukhondo wa Nkhanu unali wochita kutopetsa! Akazula dzino, mbaniro ankaitsuka ndi sopo n'kuiponya mumphika kuti iwire, thonje lamagazi n'kulitentha pamoto. Zala zake ankazikwecha mpaka m'makwinya, n'kuzikulunga ndi tsamba latsopano la nthochi asanagwire wodwala wina. Musaiwale kuti kwa nkhanu palibe choopsa kuposa mphika wowira, koma iye ankaima pomwepo, nthunzi ikumuwaula kumaso, osasuntha.

Tsono nyama za kumeneko zinali ndi chikhulupiriro chawo. Zinkati mbaniro ikatuluka m'kamwa mwa wamkulu wa mano olimba imatuluka ndi mphamvu za manowo, ndipo mwana wozulidwa nayo dzino pambuyo pake amatengera mphamvuzo. Kuitsuka, ati, kunali kutaya dalitso. Nkhanu akamva zimenezi ankangopukusa mutu n'kusonkhezera moto.

Tsiku lina m'mawa Mvuu anabwera akubuula, tsaya litatupa, dzino lakumapeto litawola mpaka kutuluka mafinya. Nkhanu analowa m'kamwamo thupi lonse, nalimbana nalo dzinolo mpaka dzuwa kufika pamutu. Litazuka, Mvuu anapuma mpweya wautali n'kukankhira kutsogolo mwana wake Kamvuu, amene anali atathyola dzino pamwala.

"Muzule nayenso," anatero Mvuu. "Mbaniro yomweyo, isanazizire."

"Pepani bambo, iyi iyambe yawira," anayankha Nkhanu. "Muli tizilombo ta matenda anu. Mwanayu adikire pang'ono, kapena nditenge ina yowiritsa kale."

"Iwe Nkhanu, ukuti ine ndine wauve?"

"Ayi bambo. Ndikuti munali ndi mafinya. Mafinya a mfumu ndi a kapolo n'chimodzimodzi."

Nyama zimene zinali pamzere zinangoti kukamwa yasa. Mvuu anafwenthera mwaukali mpaka masamba a mkuyu kugwa. "Sankha," anatero. "Uzule ndi mbaniro iyi, apo ayi uchoke padziwe langa lero lomwe."

Nkhanu ankadziwa bwino kuti nkhanu yopanda madzi m'mwezi wa Okutobala ndi maliro. Mantha anamugwira zenizeni. Komabe anati, "Ndichoka, bambo. Ine sindingaike matenda m'kamwa mwa mwana ndi dzanja langali."

Apa Ng'azi, katswiri woombera m'manja akuluakulu, anatsomphola mbaniro yamagazi ija. "Bwana, musavutike ndi wamakani uyu. Kuzula dzino n'chiyani? N'kukoka basi!" Nkhanu anakuwa kuti asayerekeze, koma palibe anamumvera. Ng'azi anazula dzino la Kamvuu, napukuta bala ndi thonje lomwe linapukuta bambo ake, nyama zonse n'kululutira.

Nkhanu anatenga mphika wake ndi mbaniro yotsala, nayamba ulendo cham'mbalicham'mbali monga amayendera. Anakafika pakhwawa louma, nakumba mchenga pansi pa mwala kufunafuna kachinyontho. Tsiku lililonse chigoba chake chinkauma n'kuyamba ming'alu. Mphikawo anauvundikira bwinobwino kuti usalowe fumbi, ngakhale analibe wodwala ndi mmodzi yemwe.

Patapita masiku atatu, kukamwa kwa Kamvuu kunatupa ngati dzungu. Thupi linatentha, kuyamwa analeka, ndipo mayi ake ankangolira akumuchirikiza kuti asamire. Nanga Ng'azi? Atangomva kuti mwana wadwala, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi achibale kutsidya la phiri.

Mvuu anatuluka m'madzi masana dzuwa likuswa mtengo, chinthu chimene mvuu sichita. Anayenda khungu likung'aluka, akufunsa aliyense, mpaka anakapeza mphika wovundikira pakhwawa paja. Anagwada pamchenga wotentha n'kusuzumira pansi pa mwala.

"Mayi Nkhanu, kodi muli moyo? Mwana wanga akufa."

"Ndinyamuleni, bambo," anatero Nkhanu ndi mawu osasa. "Mphikawo musausiye."

Nkhanu sanamunyoze Mvuu, sanamukumbutse kanthu. Atafika kudziwe anangoviika thupi lake kamodzi m'madzi, n'kuuza Mvuu kuti atole nkhuni. Moto unayaka, mbaniro ndi kampeni zinalowa mumphika, ndipo Nkhanu anayamba kukwecha zala zake pang'onopang'ono monga mwa masiku onse. Kamvuu ankabuula chapansipansi.

"Mayi, chonde fulumirani!" anachonderera Mvuu misozi ili mbwembwembwe. "Taonani, madzi atentha kale."

"Kutentha si kuwira," anatero Nkhanu. "Mwanayu wafooka, tizilombo tina sangatipirire. Uzirani motowo."

Ha! Mwini dziwe uja anagona chafufumimba n'kumauzira moto, utsi ukumulowa m'maso. Madzi anabwata, Nkhanu anawasiya abwatebe kwa nthawi, kenako anavuula zida n'kudikira kuti zizizire pa tsamba loyera. Atatero analowa m'kamwa mwa mwanayo, natumbula chotupa, nafinya mafinya onse, n'kutsuka balalo ndi madzi ofunda amchere. Dzino loyandikana nalo linali litagwidwa kale ndi matenda, ndipo nalonso analizula.

Masiku anayi Nkhanu sanachoke pambali pa Kamvuu. Ankatsuka bala m'mawa ndi madzulo ndi thonje latsopano, lakale n'kulitentha. Tsiku lachisanu mwanayo anakankha mayi ake ndi mphuno n'kuyamba kuyamwa. Koma dzino lachiwiri lija silinamerenso, moti Kamvuu anakula ndi mpata m'kamwa.

Mvuu anaitanitsa nyama zonse pansi pa mkuyu. Anamuuza Kamvuu kuti ayasamule, aliyense aone mpatawo. "Dzino ili ndinalizula ndine," anatero. "Ndinkati ndikumupatsa mwana wanga mphamvu, chonsecho ndinkamupatsa mafinya anga. Mayi awa ndinawathamangitsira kukhwawa kuti akafe, ndipo iwo anasankha kufa kusiyana n'kupha mwana wanga."

Nyama zonse zinatembenuka kuti zimuone Nkhanu, koma pamsonkhanopo panalibe. Anali kuseri kwa mkuyu ndi chigoba chake chong'alukacho, akuuza Njiri wa dzino lobooka kuti akhale pansi adikire kaye.

Phunziro: Wozula mano amene amakudikiritsa kuti atsuke m'manja ndi kuwiritsa zida sakukunyoza, akukutchinjiriza. Matenda saona ukulu wa amene achokera kwa iye, choncho chida chimene chalowa m'kamwa mwa wina chisalowe mwa mnzake chisanayeretsedwe.