Odi wa Kamtedza pa Nsanja ya Nyali

Ndikanama mphenzi indiwombe pano pomwe ndakhalapa! Liwu lililonse ndi loona.

Kalekale, agogo a agogo anu asanamere mano, kunali mkulu wina wa ku Ntcheu, dzina lake Kamtedza. Ulemu wake unali woopsa. Ngakhale pakhola la mbuzi ankayamba waodira.

Tsiku lina anasenza fodya kukagulitsa kunyanja yamchere. Anayenda, anayenda, mudzi uwu, mudzi uwo, tinyumba tamiyala takalekale topaka laimu. Fodya anatsala mpukutu umodzi.

Atafika kunyanjako, mayi wina woyanika nsomba anamulozera. "Pakachilumba apo pali nsanja ya nyali yowunikira zombo. Oyatsa nyaliyo, a Momade, fodya amamukonda kuposa akazi awo. Koma fulumirani, alendo. Madziwa aphwa, mudutsa pansi, koma amabwerera masana."

Kamtedza anaseka. "Mayi, madzi ali ndi miyendo?"

Anadutsa pamchenga pouma mpaka pakhomo la nsanja. Chitseko chili pululu, makwerero ali apo. Koma mwana woleredwa salowa asanayankhidwe.

"Odi!"

Zii. A Momade ali pamwamba penipeni, akupukuta galasi, khutu lina logontha, lina lodzaza mchenga.

Madzi aja anabweradi. Afika m'akakolo.

"Odi kuno!"

Zii. Madzi m'chiuno.

"Odi eni nyumba!"

Zii. Nkhanu inamukwera paphewa nimunong'oneza. "Achimwene, lowani, mufa."

"Nyumbayi ndi yako?"

"Ayi."

"Ndiye tseka pakamwa."

Madzi m'khosi. Fodya waika pamutu. "Odi... bwuu, bwuu!"

Nyanja inatopa naye. Inamunyamula, kumulowetsa pakhomo, kumukweza makwerero onse, phuu! pamapazi a a Momade. Fodya ali pamutu, wouma gwaa.

Kamtedza analavula kansomba, nagwada, nawomba m'manja. "Odi."

"Lowani," anatero a Momade. "Mwabwera ndi yani?"

"Ndi madzi."

"Amenewo ndiye alibe mwambo. Zaka makumi atatu ndili pano, sanaodirepo."

Anakhala pansi nasuta, kudikira kuti opanda mwambowo atuluke.

Mwamvatu, ana inu. Ulemu ndi wabwino, koma nyumba ikatalika, uziodira uku ukukwera.

Nthano yanga ndiye yathera pomwepo. Kungoti za fodya wouma zija ndawonjezera ndine. Ananyowa.