Mlamu Amene Anaweruzidwa Atamwalira

Gulu lowerenga mabuku la pa Phalombe lili ndi anthu asanu ndi atatu, koma buku limapezeka limodzi. Ndiye amalimasula msana n'kuligawa patatu, zigawozo n'kumayenda khomo ndi khomo. Mwezi umenewo ankawerenga nkhani ya mayi wina amene ankalandira makalata omuopseza mpaka anayamba kukayikira mutu wake womwe.

Belita, telala wa pamsika, ndiye ankachedwetsa mzere. Sukulu anailekezera sitandade 8, ndipo Chingerezi ankachiwerenga ngati munthu wowoloka dambo la ku Chilwa: kuponda, kuyesa, kenako phazi linalo. Gululo ankalikonda ngati tchalitchi. Koma wapampando, a Makina, amene anapuma pa uhedimasitala ngakhale uhedimasitalawo sunapume pa iwo, anali atalengeza kuti Loweruka dzina la Belita lifufutidwa.

A Makinawo anawerenga chigawo choyamba chokha. Chachiwiri chitafika anachibweza pageti pomwepo. "Zaka makumi atatu ndikugwira ana obera mayeso," anatero. "Wolakwa ndimamudziwira kayendedwe."

Loweruka masana anakumana m'kalasi mwa masiku onse. A Makina anaimirira, nakonza tayi, n'kuyamba kumukhaulitsa mlamu wa mayi wa m'bukumo. Anati makalata onse analemba ndi iyeyo, njoka ya munthu, ndipo amene sanaone zimenezo amangoweta maso. Theka la anthuwo anaphunzitsidwa ndi a Makina, ndiye aliyense anapeza chochititsa chidwi pa nsapato zake.

Belita anaimika dzanja.

"Zikomo apampando. Ndisanachotsedwe, ndifunseko. Alamuwo analemba makalata angati atamwalira?"

"Atatani?"

"Anamira mumtsinje m'chigawo chachiwiri. Makalata n'kumabwerabe."

A Makina anatsokomola. "Eya, anawalemberatu. Anthu oipa amakonzekera."

"Aa, aphunzitsi!" anatero Fathiya, wogulitsa mpunga, akupukuta misozi ya phwete. "Analemberatu ndi kalata yonena nyimbo zimene zinaimbidwa pamaliro awo omwe?"

Kalasi yonse inaphulika. Eneya, mlembi wa gulu, anachita kukasekera panja, poti ndi munthu waulemu.

Phokoso litatsika, Belita anafotokoza mosathamanga. Makalatawo ankalemba ndi mayiyo mwini wake, mutu utamusokonekera, n'kumadzitumizira.

"Ine ndinamukayikira m'chigawo choyamba chomwecho. Kalata ikafika ankayamba kulira asanaitsegule. Munthu ulira bwanji mawu usanawaone? Ndinabwereza tsambalo katatu. Nditafika kumapeto, anthuni, ndinasokera thumba la malaya a abusa kumsana."

Apa m'pamene pakamwa pa anthu panatseguka. Wina anati mayiyo anamumvera chisoni, wina anati wamunamiza masamba mazana atatu ndipo samukhululukira. Anakangana mpaka dzuwa linapendeka, funso lililonse likupita kwa telala.

Eneya atafunsa amene akufuna kuti Belita achoke, palibe dzanja linakwera. La a Makina linanyamuka pang'ono, n'kukathera pokanda khutu. Gulu linagwirizana kuti buku lotsatira liyambire kwa Belita, ndipo zokambirana adzatsogolere yekha.

Belita anatuluka akuyenda ngati mkwatibwi. A Makina anatsala akufunsa Eneya monong'ona ngati chigawo chachiwiri chili pafupi.

Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.