Injini Yofunda

Panali munthu wina, mlimi wa mbatatesi, amene ankakhala kumapiri kumene chifunga chimachedwa kuchoka. Anali ndi mkazi ndi mwana mmodzi wamkazi, dzina lake Sungeni. Mwanayo anali ndi mphumu. Masana ankasewera ngati anzake, koma m'miyezi yachisanu, kukamacha, chifuwa chake chinkatsekeka n'kumalira ngati kamwana ka mphaka. Chipatala chinali kutali, kuseri kwa mtsinje ndi chitunda cha miyala, ndipo anyamata a kabaza sankafikako m'mamawa.

Tsiku lina bamboyo anathamanga mtunda wonsewo mwana ali kumsana. Pofika, milomo ya mwanayo inali itada. Anamwino anamupulumutsa, koma anati, “Ulendo wina musadzachedwe chonchi.”

Atakolola, anagwirizana ndi mkazi wake kuti mbatatesi za chaka chimenecho zigule njinga yamoto. Yatsopano sakanaikwanitsa. Ankafuna yogwirapo kale ntchito, ya mtundu wautali uja wa matayala a mano, yomwe imayenda pa tala ndi m'matope momwe, ngati ya alangizi.

Anamva kuti kumsika wa kumsewu waukulu kuli a Gwedeza, amene akugulitsa yawo. Anawaimbira foni, n'kupita masana. Anaipeza njingayo itaima pansi pa mtengo wa mapichesi, yotsukidwa bwino, matayala akunyezimira ndi polishi. Anagwada kuti aone tcheni. Podzuka, anagunditsa kuseri kwa dzanja lake pa injini, monga ankachitira pachipumi cha mwana wake m'mawa uliwonse. Injiniyo inali yofunda.

“Mwachokera kwina, akuluakulu?” anafunsa.

“Ayi, ndi dzuwali,” anayankha a Gwedeza.

Mlimiyo anayang'ana mthunzi wa mtengo uja umene unaphimba njingayo. A Gwedeza anaponda kiki kamodzi, njinga n'kulira. “Mwamva? Uwu ndi mkango, achimwene. Ngakhale agogo anu atha kuiliza.”

Mlimiyo anaikwera, ndipo inkayendadi bwino. Koma mtima wake sunakhazikike.

Patapita masiku anaimbanso foni, n'kupitanso. Injini inali yofundanso. A Gwedeza anati anangopita kukathira mafuta. Apa mlimiyo anaona zinanso. Nyumba ya a Gwedeza inali pamwamba pa mtsetse, ndipo njingayo ankaiimika itayang'ana kumunsi. Pakati pa mtsetsewo panali mizere ya tayala lokwakwaza pansi, ina yakale, ina yatsopano.

“Mukachedwa musadzandinene,” anatero a Gwedeza. “Pali munthu wa kutawuni akuifuna. Ine ndikungokumverani chisoni inu.”

Kunyumba mkazi wake anada nkhawa. “Abambo a Sungeni, chisanu chayandikira. Njinga mwaikwera nokha, mwati ili bwino. Nanga mukumukayikira chiyani munthuyo?”

“Sungeni sabanika masana,” anayankha. “Amabanika kukuzizira. Ine njingayi ndangoiona ili maso. Ndikufuna ndiione ikudzuka.”

Ulendo wachitatu sanaimbe foni. Analawirira, ndipo anafika dzuwa likungotuluka, udzu uli mame okhaokha. Anapeza a Gwedeza atavala jekete, akukankha njinga kuchokera m'nyumba kulowera kumtsetse kuja.

“Aa, achimwene! Osaimba bwanji?”

“Ndaona kuti foni yanga imaifunditsa njingayi.”

Anaika dzanja pa injini. Inali yozizira ngati mwala wa mumtsinje. Ndipo anakaima patsogolo pa tayala, pakati pa njinga ndi mtsetse. “Ilizireni pompano,” anatero.

A Gwedeza anaponda kiki. Zii. Anapondanso, napondanso. Anavula jekete. Amayi opita kumjigo anayamba kuyenda pang'onopang'ono kuti aonerere. Mmodzi anati, “Lero mkango wakana kudzuka, a Gwedeza?” Thukuta litafika m'khosi, injini inatsokomola, n'kuzima. Kenaka inagwira, ikunjenjemera.

Mlimiyo sanaseke. Anapita kumbuyo kukayang'ana utsi, chifukwa ankaopa utsi wobiriwira wa injini yakudya oilo. Kunangotuluka kanthunzi koyera, n'kutha. Anagwada n'kutchera khutu, kuopa kumva chitsulo chikugogoda m'kati. Sanamve kugogoda kulikonse.

A Gwedeza anakhala pakhonde, maso ali pansi. “Ndi mmene ilili. M'mawa uliwonse ndimachita kuigudubuza pamtsetsepo. Ndinkaopa kuti mukaona muthawa. Pitani, sindikukakamizani.”

“Tiyeni nayo kwa makaniko,” anatero mlimiyo. “Akanena kuti ichira, ndigula.”

“Mugula? Mwaiona ikundichititsa manyazi chonchi?”

“Maulendo awiri aja munkandionetsa njinga imene kulibe. Iyi ndiye ilipo.”

Makaniko anaitsegula mlimiyo ali chilili pambali, pakuti anali atamva za amisiri amene amachotsa zitsulo zabwino n'kuika zakutha. Diso lake silinachoke pa sipanala. M'kabuleta munali matope a petulo wa m'zigubu. Siponji yosefa mpweya inali itauma ndi fumbi. Mavalavu anali atathina. Makaniko anati, “Njingayi sikudwala kwenikweni. Yangosowa woisamala.” Anaikonza tsiku lomwelo, ndipo mlimiyo anaigula.

Koma kukayika sanakusiye kumsika, anapita nako kwawo. M'mawa uliwonse ankaitulutsa panja n'kuiliza ili yozizira, pathyathyathya, ngakhale analibe ulendo. Ikazengereza pang'ono, ankafufuza chifukwa chake tsiku lomwelo. Petulo ankamusefa pa kansalu. Siponji ankaichapa, kuiumitsa ndi kuipaka oilo. Tcheni sankalola kuti chiume kapena kulendewera. Oilo ankasintha asanade ngati phula, ngakhale anzake ankati akadali ndi mphamvu. Oyandikana naye ankaseka, amvekere, “Uyo akukapereka moni kwa mkazi wachiwiri.”

Ndipo unafika m'mawa wina wa mwezi wa Juni, udzu utayera ndi chisanu. Kamwana ka mphaka kaja kanayamba kulira m'chifuwa mwa Sungeni. Mayi anamukulunga m'bulangete n'kumubereka. Bambo anatulutsa njinga. Anaika dzanja pa injini, monga mwa chizolowezi. Inali yozizira koopsa.

Anaponda kiki. Zii. Mkazi wake anamuyang'ana. Anapondanso, ndipo injini inalira.

Anawoloka mtsinje, nakwera chitunda cha miyala chija chifunga chisanachoke. Pofika kuchipatala, milomo ya mwana inali isanasinthe. Anamwino aja anawazindikira, ndipo anati, “Lero ndiye mwafulumira.”

Abambo anzanga, amene muli ndi makutu, imvani. Chinthu chimene mumachipeza chili chofunda nthawi zonse, chikayikireni. Kaya ndi njinga, kaya ndi mnzanu wochita naye malonda, kaya ndi mnyamata wodzafunsira mlongo wanu, mupiteko tsiku lina osaimba foni. Koma mukachipeza chikutsokomola, musathamangire kuthawa. Yang'anani utsi, tcherani khutu. Nthenda yobisika ndi imene imapha. Yoonekera nthawi zambiri ili ndi mankhwala.

Ndipo dzanjalo mudziikenso nokha. Kutchalitchi ndi kuntchito amationa titagudubuzidwa kale pamtsetse, tikulira bwino. Amene amationa tikudzuka ndi akazi athu ndi ana athu, kukuzizira, palibe wotiyamikira. Musawabisire mmene muliri, ndipo musatope kudzikonza. Tsiku limene mwana wanu adzakufuneni silidzayamba laimba foni.