Mlendo wa Kuseri kwa Nyumba

Dailes anali kupeta mpunga pakhonde pamene mwamuna wake Bizwell anatulukira, chipewa chili m'manja. Linali tsiku la Khirisimasi m'chaka cha 1938, chaka chachinayi chikhalire iwo ku Halale, kumene Bizwell anali kalaliki.

"Amake Lena, kwabwera munthu wakwathu. A Gabrieli, a kufupi ndi kwanu ku Tamanda. Ayenda pansi milungu isanu, akupita ku Joni. Akuti asenza mawu a amayi anu."

Lichero linaima. Dailes anasuzumira. Munthuyo anali ataima patali mwaulemu, mapazi ong'aluka, malaya atatenga mtundu wa msewu. Mtima unamuuza kuti ayale mphasa, koma maso anabwerera m'nyumba, m'mene munali tebulo lobwereka, nsalu yoyera ndi mipando isanu ndi umodzi. Mfutso wa khwanya anali atausunga m'chikwatu miyezi yambiri ngati mankhwala. Mtedza wa ku Chipangali anachita kupempha kwa mayi wina m'lokeshoni. Oitanidwa anali akwawo okhaokha, aphunzitsi ndi makalaliki ovala majekete.

"Akhale kuseri, pamthunzi. Malonje tichita alendo akapita."

"Nanga awa si alendo?"

"Bambo a Lena, mawu sawola. Mpunga ndiwo umapserera."

Bizwell sanali munthu wokangana. Anatunga yekha madzi akumwa, napita nawo kuseri.

Kwawo mthenga satula mawu pakhomo pamene sanamuyalire mphasa. Gabrieli analandira mbale yake ndi manja awiri, napemphera, nadya. Bizwell atamunong'oneza kuti angouza iye, anapukusa mutu.

"Iyayi, achimwene. Amayi awo anandilamula kuti, 'Ukamuuze mwiniwake, atakhala pansi, ukumuyang'ana m'maso.'"

Oitanidwa aja atafika, m'nyumba muja fungo la mfutso wotendera linawanyamula onse. Zipupa zinakhala ngati zasungunuka. Aliyense anayamba kuona mapiri akwawo atafunda mitambo, dothi lofiira litanyowa, ana akutsikira kutchalitchi cha mishoni ndi maluwa akutchire m'manja. Anaimba nyimbo ya kubadwa kwa Ambuye monga amaiimbira ku Tamanda, mokoka mawu. Yosefina, mkazi wa mphunzitsi, anatsinzina.

"Kaya mvula yagwa kwathu chaka chino?"

"Akanapezeka wotiuza," anatero mwamuna wake, akutafuna nthutumba ya nkhuku. "Koma amake Lena, ndiwo izi! Mukanandichenjeza, ndikanabwereka mimba ina."

Onse anaseka. Dailes anaseka nawo, koma mtima wake unali kuseri kwa chipupa, kumene kunakhala munthu amene mvulayo inamunyowetsa. Anadziuza kuti: angomaliza tiyi.

Tiyi anatha, panabwera nyimbo ina, kenaka pemphero lalitali lokumbukira makolo akumudzi. Dzuwa litapendeka alendo anatsanzika. Dailes anavula epuloni, natenga mphasa yatsopano, nazungulira nyumba.

Pamthunzi panalibe munthu. Mbale inali yotsukidwa bwino, yovundikiridwa pamwala. Pambali pake panali kansanza komanga, m'kati muli nthanga za maungu zodzaza dzanja limodzi. Kansanzako anakadziwa. Kanang'ambidwa ku nsalu imene amayi ake ankavala popita kukapemphera.

"Anzawo apaulendo anawadzera," anatero Bizwell motsitsa mawu. "Sitima ya ku Bulawayo sidikira munthu. Anawaitana katatu asananyamuke. Ine ndinakukodolani pakhomo, inu munali kuthira tiyi."

"Sanasiye mawu? Ali moyo amayi?"

"Anangoti ndikuthokozeni, ndiwo zinali zakwathu."

Dailes anathamangira kumsewu wopanda mpango kumutu. Kutali, kuseri kwa madenga a malata, utsi wa sitima unali kukwera pang'onopang'ono, nusakanikirana ndi mitambo. Anauyang'ana mpaka unatha. Mawu aja, kaya anali odandaula, kaya odalitsa, kaya otsiriza, anali kupita ku Joni m'chifuwa cha munthu amene sakanamupezanso.

Anabwerera, nayala mphasa ija pamthunzi, nagwada. Iye amene ankapemphera chamumtima masiku onse, tsiku limenelo analankhula mokweza, anansi akumva.

"Amayi, mwabwera mtunda wonsewu kudzandiona, ine ndakukhazikani kuseri kwa nyumba. Ndikhululukireni. A Gabrieli, kumene mwafikako, ndikhululukireni. Inunso Ambuye, amene munasowa malo tsiku ngati lalero, ndikhululukireni. Ndinaiwala mawu a akuluakulu, akuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka."