Zombo za a Zuze ndi Zitosi za Abakha

Kalekale, kumunsi kwa mtsinje wa Shire kunali mkulu wina dzina lake a Zuze. Pa unyamata wawo ankaphika m'sitima zapamadzi ku Beira, ndipo kumeneko anatengako matenda amene abale awo sankawamvetsa, osonkhanitsa zithunzi zakale zopenta pamanja za nkhondo zapanyanja. Anzawo pobwerera kumudzi ankabwera ndi njinga ndi malata, koma iwo anabwera ndi zithunzi zisanu za zombo za matanga zikuomberana mizinga.

Zinayi anazikulunga mu lona n'kuzimangirira kudenga. Chachikulu anachipachika pakhoma. Pamenepo panali zombo ziwiri zitayandikana, matanga atang'ambika, utsi uli tolotolo, ndipo pansi pake amalinyero atatu akumira, manja ali m'mwamba. Utsiwo ndiwo unkawadya mtima a Zuze. Ankati munthu amene anaupenta anaununkhizapo ndi mphuno yake. M'mawa uliwonse ankapukuta chithunzicho ndi nthenga ya nkhuku, ndipo mwana wogundako chala ankaona zakuda.

Chaka china mwendo unawavuta, nakagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri. Ali komweko, madzi anasefukira.

Mwana wawo woyamba, Mizeki, anadula madzi ofika m'chifuwa, nalowa m'nyumba, nazula chithunzicho pakhoma, n'kuchisenza pamutu mpaka kumtunda. Apo anachita chamuna, tisamumane. Koma atafika kumtunda anaona kuti abakha ake akuyenda m'matope, ndiye anatenga chithunzi chija n'kuchiyala pansi m'khola. Chinakhala momwemo masabata atatu.

Wachiwiri, Esinati, anachipeza chitakutidwa ndi zitosi, nkhungu itayamba kudya nsalu yake. Anachisolola ali chigwirire mphuno, napita nacho pamjigo. Mayi waukhondo uja anachikwecha ndi sopo ndi phulusa monga amachitira ndi mapoto ake. Zitosi zinachoka, nkhungu inachoka. Ataona kuti pakadali zakuda, anati ndi mwaye, nalimbikira kukwecha mpaka utsi wonse wa mizinga unatha, pamodzi ndi theka la chombo chimodzi.

Wachitatu, Alufandika, anali wolemba zikwangwani za m'magolosale ndi m'malo ometera. Anapeza nsaluyo ikuyoyoka, itatsala pang'ono kugawika pakati. Anaimata pathabwa mwaluso ndithu, moti sinang'ambikenso. Akadalekera pomwepo! Koma dzanja linamuyabwa. Anatenga penti wotsala pa golosale ina, nabwezeretsa chombo chija ndi mtundu wachikasu wowala ngati chigubu cha mafuta ophikira. Amalinyero omira aja anawamvera chisoni, nawajambulira bwato, n'kuwakhazikamo onse atatu akumwetulira.

A Zuze atatuluka m'chipatala, ana awo anawakhazika pampando, nabweretsa chithunzicho chitafundidwa chitenje. Atachivundukula, mkulu uja anayang'ana nthawi yaitali. Fungo la abakha linali lisanatheretu, ndipo linasakanikirana ndi la penti. Anatembenuka, nalavula.

“Utsi wanga uli kuti?” anafunsa.

“Unali mwaye, bambo. Ndinauchotsa wonse,” anatero Esinati monyadira.

“Nanga awa akusekawa ndani?”

“Ndi omwe aja, bambo,” anatero Alufandika. “Si bwino kumadya mukuyang'ana anthu akufa. Ndawapulumutsa.”

“Nanga fungoli?”

Mizeki anakanda m'mutu. “Abakha nawonso ndi chuma, bambo. Koma pakadapanda ine, bwenzi pano chili ku nyanja yamchere.”

A Zuze ananyansidwa mpaka kulephera kudya tsiku limenelo. Chimene chinawawawa koposa n'chakuti palibe mwa atatuwo amene ankanama. Popanda Mizeki, madzi akadachitenga. Popanda Esinati, chikadaola m'khola. Popanda Alufandika, chikadasanduka sanza. Aliyense anachipulumutsa, ndipo aliyense anachipha pomwe anachigwira.

Tsono vuto linali kudenga. Zithunzi zinayi zija madzi sanazifike, zinali bwinobwino mu lona wake. Koma nyumbayo inali itang'ambika makoma, yosati n'kupirira mvula ina, ndipo a Zuze ndi mwendo umenewo sakanathanso kukwera kapena kuthawa nazo. Kuzigawa anakana, chifukwa anazisonkhanitsa zaka makumi awiri kuti zikhale pamodzi. Zinayenera kupita m'nyumba ya mwana mmodzi mitambo isanachite bii.

“Ndipatseni ine, ndili ndi mphamvu zozitchinjiriza,” anatero Mizeki.

“Kwa ine sizidzaona fumbi,” anatero Esinati.

“Ine ndiye ndimadziwa za penti,” anatero Alufandika, maso ali kudenga, zala zikumuyabwa kale.

Mkulu uja anawayang'ana mmodzimmodzi, kenaka anayang'ana amalinyero aja akumwetulira m'bwato lawo lopusa.

Inu mwamva nkhaniyi, ine ndagoma nayo. Mmodzi saona kusiyana kwa chithunzi ndi mphasa ya abakha, wina sangaone chakuda osachikwecha, wina sangaone chinthu osafuna kuchikonza. Mvula ili pafupi, ndipo lona uja ayenera kutsika lero. Mukadakhala a Zuze, mukadamupatsa ndani?